Foni ikutha kumva mtima wosokonekera: odwala a ku Tete apindula nazo chiyani?

Chaka chilichonse, kuyambira pa 29 Seputembala, lomwe ndi tsiku la mtima padziko lonse, kufikira pa 29 Okutobala, tsiku lokumbukira matenda ofa ziwalo, mauthenga a zaumoyo amachuluka pa WhatsApp ndi pa Facebook. Zaka zaposachedwapa mauthengawa akubwera ndi lonjezo latsopano, loti foni ya m'manja, kapena wotchi yolumikizidwa ku foni, ikhoza kuchenjeza munthu kuti mtima wake wasokonekera kagundidwe iye asanagwe. Lonjezoli si bodza. Zipangizo zoterezi zilipo, zinayesedwa pa anthu masauzande ambiri, ndipo madokotala a mtima ku Ulaya, ku America ndi ku China akuzigwiritsa ntchito. Funso la chigawo cha Tete ndi lakuti chenjezolo likamveka ku Ulongué, ku Furancungo kapena ku Fíngoè, chotsatira chake n'chiyani.

Matenda omwe akukambidwa pano a chipatala amawatcha fibrilhação auricular m'Chipwitikizi. Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba zimalandira magazi n'kuwakankhira m'zipinda zam'munsi, zomwe zimawapopera m'mapapo ndi m'thupi lonse. Mwa munthu wa matendawa, zipinda zam'mwambazo zimaleka kukankha mwadongosolo, zimangonjenjemera. Mtima umagunda mopanda ndondomeko, pena mothamanga, pena ngati waphonya. Ena amaumva ukudumphadumpha m'chifuwa, amatopa msanga kumunda, amabanika pokwera chitunda kapena kuchita chizungulire. Ambiri samva kalikonse.

Choopsa chili pa magazi. Akapanda kukankhidwa bwino amadikha m'kathumba ka chipinda chakumanzere n'kuundana. Kachidutswa ka magazi oundanawo kakachoka, kamayenda mumtsempha mpaka kukatseka njira ya magazi muubongo. Apo ndi pamene munthu amagwa, kukamwa kupotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi kufa. Kuno anthu amati trombose, a chipatala amalemba AVC, kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu amati sitiroko. Munthu wa mtima wosokonekera motere ali pachiopsezo chogwidwa ndi trombose kuwirikiza pafupifupi kasanu poyerekeza ndi mnzake wa mtima wogunda bwino. Mankhwala oletsa magazi kuundana, akamwedwa moyenera, amachotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chiopsezocho. N'chifukwa chake madokotala amafunitsitsa kuwapeza odwalawa trombose isanawapeze.

Ku Mozambique trombose imapha kwambiri. Kafukufuku yemwe anatsogolera ndi Professor Albertino Damasceno wa ku Universidade Eduardo Mondlane anatsatira anthu 651 omwe anagwidwa ndi matendawa ku Maputo mu 2005 ndi 2006, ndipo pafupifupi theka la iwo anamwalira pasanathe masiku 28. Uku ndi ku likulu, komwe kuli makina ojambula ubongo ndi akatswiri. Tensão yokwera, yomwe imayambitsa trombose payokha komanso kusokoneza kagundidwe ka mtima, ikuchulukirachulukira: kauniuni wa dziko lonse anaipeza mwa anthu 33 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 mu 2005, ndipo zaka khumi pambuyo pake chiwerengerocho chinafika pa 39. Maulendo onse awiri, odziwa kuti tensão yawo ndi yokwera sanafike 15 pa odwala 100.

Zomwe zipangizozi zimachita

Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi wa wotchi kapena kamera ya foni. Kachipangizoka kamawalitsa kuwala pakhungu n'kumawerenga mmene magazi akudutsira m'timitsempha, ndipo kakaona kuti kagundidwe kakulumphalumpha kamachenjeza. Kameneka kamangokayikira, sikatsimikiza matenda. Mtundu wachiwiri ndi wojambula mphamvu ya magetsi a mumtima, chomwe a chipatala amachitcha ECG. Chodziwika kwambiri ndi KardiaMobile cha kampani ya AliveCor, kachitsulo kokwana m'thumba la malaya. Munthu amaika zala ziwiri za dzanja lililonse pa kachitsuloko kwa masekondi 30, ndipo mzere wa mtima umaoneka pa foni, wokonzeka kutumizidwa kwa dokotala. Akatswiri a mtima a ku Ulaya anavomereza mu 2020 kuti mzere wa masekondi 30 woterewu, ukawerengedwa ndi dokotala, ndi wokwanira kutsimikiza matendawa. Kanayesedwanso ku Africa kuno, pa chipatala cha Kijabe ku Kenya, ndipo kanapeza matendawa mwa odwala ena omwe anabwera ndi madandaulo ena.

Kafukufuku wamkulu wa mawotchi anali wa kampani ya Apple ndi Stanford University, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Mwa anthu 419,297 omwe anatengapo mbali, 2,161 okha ndi omwe wotchi inawachenjeza. Mwa ochenjezedwawo, 450 anavala kachipangizo kotsimikizira n'kukabweza, ndipo mmodzi mwa atatu alionse ndiye anapezekadi ndi matendawa. Chiwerengero choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi cha 450. Ngakhale ku America, pakati pa anthu okwanitsa kugula iPhone ndi wotchi yake, ambiri mwa ochenjezedwa sanamalize njira yotsimikizira.

Ku China anayesa mbali ina, yosamalira anthu omwe matendawa anapezeka kale. Kafukufuku wotchedwa mAFA-II, wa odwala 3,324, anapatsa gulu lina pulogalamu ya pa foni yokumbutsa mankhwala, yolembamo tensão ndi zizindikiro, ndiponso yolumikiza wodwala ndi dokotala wake. Zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti a m'gulu limenelo ankagonekedwanso m'chipatala mocheperapo. Koma onsewa anali ndi foni zamakono, dokotala wa mtima pafupi, ndi mankhwala m'famasi.

Ndipo pali kafukufuku wa ku Denmark wotchedwa LOOP, wa mu 2021, yemwe ogulitsa zipangizo sakonda kumutchula. Pa okalamba 6,004, ena anaikidwa kachipangizo pansi pa khungu koyang'anira mtima usana ndi usiku. Matendawa anapezeka kuwirikiza katatu mwa iwo, ndipo oyamba mankhwala anachulukanso chimodzimodzi, koma kuchepa kwa trombose sikunafike pamlingo woti akatswiri anene motsimikiza kuti kunabwera chifukwa cha kachipangizoko. Kupeza matenda msanga ndi kupulumutsa munthu sizimayendera limodzi nthawi zonse.

Mawotchi otchipa omwe adzaza m'misika, oonetsa nambala za mtima ndi tensão pa kagalasi, sali m'gulu la zoyesedwazi. Ndi abwino poonera nthawi.

Wodwala wa kuno ndi wina

Kafukufuku yense watchulidwayu anachitika pa anthu omwe mtima wawo wasokonekera chifukwa cha ukalamba, tensão, shuga kapena kunenepa. Odwala otere alipo ku Tete, ndipo akuchuluka. Koma pali gulu lina lomwe ku Ulaya linatsala pang'ono kutha, pomwe kuno lidakali m'mawodi: anthu omwe mtima wawo unaonongeka ali ana.

Chiyambi chake ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi bakiteriya wotchedwa estreptococo. Mwana akapanda kulandira penisilini, mwa ana ena chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo, mfundo zimatupa, mtima umakhudzidwa. Imeneyi ndi febre reumática. Ikabwerezabwereza imasiya zipsera pa tizitseko ta mumtima, tomwe timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Kachitseko ka mbali yakumanzere, kotchedwa mitral, kamauma n'kuchepa mpata, chipinda cham'mwamba chimafufuma pokankha magazi pa khomo lopanikizika, ndipo pomwepo kagundidwe kamasokonekera. Munthu amakhala ali ndi zaka 25 kapena 35.

Umboni wina waukulu wa matendawa padziko lonse unachokera ku Mozambique. Mu 2007 akatswiri, kuphatikizapo Dr. Ana Olga Mocumbi, anafalitsa zomwe anapeza atayeza ana asukulu 2,170 ku Maputo. Pomvetsera mtima ndi chipangizo cha m'makutu anapeza ana pafupifupi 2 pa 1,000 alionse. Atawajambula mtima ndi makina a ecografia, chiwerengero chinakwera kufika pa 30. Kenaka kunabwera kaundula wotchedwa REMEDY, wa odwala 3,343 a m'maiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, pamodzi ndi India ndi Yemen. Theka la odwalawo anali a zaka 28 kapena kucheperapo, awiri mwa atatu alionse anali akazi, ndipo woposa mmodzi mwa asanu anali kale ndi mtima wosokonekera kagundidwe. Malangizo a ku Ulaya oti aziyeza kagundidwe ka mtima mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo akanatsatidwa monga alili, onsewa akanaphonyedwa.

Kusiyana kwa magulu awiriwa kumafika mpaka pa mankhwala, ndipo apa ndi pamene nkhani ya foni imalemera.

Mankhwala akale oletsa magazi kuundana ndi varfarina. Ndi otchipa koma ovuta. Mlingo wake umasiyana munthu ndi munthu, ndipo mwa munthu mmodzi yemweyo umasintha. Ukachepa magazi amaundana ngati munthu sakumwa kanthu. Ukachuluka munthu amatuluka magazi m'nkhama, m'mimba, ngakhale muubongo. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyeza magazi pa muyezo wotchedwa INR, womwe kwa odwala ambiri uyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Poyamba mankhwala amayezedwa masiku angapo alionse kapena sabata iliyonse, ndipo zikakhazikika pafupifupi kamodzi pamwezi, moyo wonse. Mankhwala atsopano, monga dabigatran ndi rivaroxaban, safuna muyezo umenewu, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Ambiri ankayembekezera kuti ndiwo adzamasule odwala a m'maiko osauka ku ulendo wa mwezi ndi mwezi.

Chiyembekezocho chinayesedwa pa kafukufuku wa INVICTUS, yemwe anatuluka mu Ogasiti 2022. Odwala oposa 4,500 a m'maiko 24, onse a mtima woonongeka ndi febre reumática komanso wosokonekera kagundidwe, anagawidwa pawiri, ena rivaroxaban, ena varfarina kapena mankhwala a mtundu wake. Professor Damasceno anali m'gulu la ochita kafukufukuyu. Patapita zaka pafupifupi zitatu, imfa zinali zambiri m'gulu la mankhwala atsopano. Kotero kwa mayi wa zaka 30 wa ku Dómuè yemwe kachitseko kake kachepa mpata, mankhwala oyenera adakali varfarina, ndi muyezo wake wa mwezi ndi mwezi. Pofunafuna chifukwa chake, akatswiri ena anatchula chinthu chosavuta: a varfarina ankaonana ndi a chipatala pafupipafupi chifukwa cha muyezowo, choncho mavuto ena a mtima ankagwidwa msanga.

Kunja kwa kafukufuku zinthu siziyenda choncho. Mu kaundula wa REMEDY, pa odwala omwe anayezedwa INR, osakwana mmodzi mwa atatu ndiye anali pa mlingo woyenera. Ndipo awa anali odwala a m'zipatala zikuluzikulu.

Zosokoneza varfarina ndi zinthu za tsiku ndi tsiku m'chigawo chino. Rifampicina, mankhwala a TB, amafooketsa mphamvu yake kwambiri moti mlingo umayenera kukwezedwa, ndipo munthu akamaliza mankhwala a TB mlingo wokwezedwawo umasanduka woopsa. Cotrimoxazol, yemwe anthu ambiri okhala ndi HIV amamwa tsiku lililonse, amaonjezera mphamvuyo. Metronidazol ndi fluconazol amachitanso chimodzimodzi. Ibuprofeno ndi diclofenac, zomwe anthu amagula msana ukawawa atabwera kumunda, zimakulitsa chiopsezo chotuluka magazi. Ndiwo zamasamba, nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, zili ndi vitamini K yemwe amalimbana ndi varfarina. Wodwala saletsedwa kudya masamba, chofunika n'chakuti azidya mofanana masiku onse, koma mbale ya m'dzinja ndi mbale ya m'chilimwe sizifanana m'mudzi uliwonse. Kachasu ndi mankhwala azitsamba zimaonjezera chisokonezo. Kwa amayi pali china cholemera koposa: varfarina amatha kuononga mwana m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, ndiye kuti nkhani ya kulera ndi ya mimba iyenera kukambidwa asanayambe kumwa.

Tsopano onjezanipo mtunda. Kuchokera ku Ulongué kukafika ku Hospital Provincial de Tete ndi makilomita oposa 200. Wa ku Zumbo kapena ku Marávia ulendo wake ndi wautali kuposa pamenepo, ndipo nthawi ya mvula misewu ina sidutsika. Kuonana ndi dokotala m'zipatala za boma n'kotchipa, chomwe chimadya ndalama ndi chapa, chakudya cha panjira, malo ogona, ndi masiku osiya munda. Opaleshoni yokonza kapena kusintha kachitseko ka mtima imachitikira ku Maputo, ku Instituto do Coração ndi ku Hospital Central, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete.

Walira mvula walira matope. Aliyense wofuna kugawa tizipangizo toyezera mtima m'midzi akuitananso ntchito yonseyi. Munthu wouzidwa kuti mtima wake ukhoza kumugwetsa tsiku lililonse, koma osapatsidwa mankhwala otetezeka, amapita kwawo ndi mantha okha. Choopsa china n'chakuti akhoza kuyamba kumwa varfarina popanda muyezo, kapena kudzitonthoza ndi aspirina, yemwe pa matenda amenewa sateteza mokwanira.

Foni ikhale m'manja mwa yani

Kalembera wa anthu wa mu 2017 anapeza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse m'dziko muno ndiye anali ndi foni, ndipo ogwiritsa ntchito intaneti sanafike 7 pa 100. Ziwerengerozi zakwera kuchokera nthawi imeneyo, maka chifukwa cha Movitel yomwe inafikitsa netiweki m'midzi, ndipo M-Pesa ndi e-Mola zaphunzitsa ngakhale agogo kudina manambala. Komabe foni yofala kumudzi ndi yamabatani, nthawi zambiri imodzi pabanja, ndipo woyenda nayo ndi bambo. Matenda omwe odwala ake ambiri ndi amayi sangadalire pulogalamu ya pa foni ya wodwala ngati ya ku China ija.

Malo omwe foni ingagwire ntchito lero ndi m'manja mwa a zaumoyo. M'zipatala zambiri za m'maboma woona odwala ndi técnico de medicina, amene anthu amangomutcha dokotala, kapena namwino. Iye akhoza kumva ndi zala ziwiri pamkono kuti mtima sukugunda mwadongosolo. Njira ya zala imeneyi ndi yaulere ndipo imaphonya ochepa, vuto lake n'lakuti imakayikiranso ena omwe alibe matendawa. Kachipangizo kamodzi ka ECG ya masekondi 30 pa chipatala chilichonse kakanathetsa kukayikako, mzere wake n'kutumizidwa kwa dokotala ku Tete kapena ku Beira, yankho n'kubwera wodwala asanakwere njinga kubwerera. A zaumoyo ambiri amatumizirana kale zithunzi za ma ECG ndi ma raio-X pa WhatsApp, mwa iwo okha, ndi mamega ogula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Unduna wa Zaumoyo, MISAU, uli ndi ndondomeko ya Telessaúde yomwe cholinga chake ndi chomwechi, chakuti wa zaumoyo wa kutali azifunsa katswiri. Chosowa ndi kuika dongosolo: ayankhe ndani, pasanathe nthawi yaitali bwanji, ndipo chithunzi chokhala ndi dzina la wodwala chisungidwe kuti. Chithunzi cha wodwala m'gulu la WhatsApp la anthu makumi angapo si chinsinsi.

Funso lachiwiri, loti kachitseko ka mtima kali bwanji, nalonso layamba kuyankhidwa kudzera pa foni. Pali makina a ecografia a m'manja olumikizidwa ku foni kapena tabuleti. Ku Uganda anamwino anaphunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito pofufuza mtima woonongeka ndi febre reumática, ndipo malangizo a OMS a mu 2024 amavomereza makina oterewa kumene kulibe akuluakulu. Kwa wodwala wa mtima wosokonekera chithunzi chimenechi ndi chomwe chimanena ngati angamwe mankhwala atsopano kapena ayenera varfarina.

Chachitatu ndi INR. Pali makina a m'manja ofanana ndi oyezera shuga: dontho la magazi la pachala, kapepala koyezera, yankho pamphindi imodzi kapena ziwiri. Namwino wa pa chipatala chaching'ono akhoza kuyeza, kuimbira foni woyang'anira mankhwalawa ku boma, n'kulemba mlingo watsopano m'kabuku ka wodwala. Apa sipafunika intaneti, pafunika kredito ya kuimba ndi munthu woyankha. Chodula ndi timapepalato, tomwe timatha ntchito ndipo sitifuna kutentha koposa madigiri 30. Ku Angónia ndi ku Tsangano, kumtunda kozizira, n'kosavuta. Mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Changara, komwe Okutobala ndi Novembala amadutsa madigiri 40, timapepala tosungidwa m'kabati ya chipinda chofoleredwa ndi malata tikhoza kunama.

Chigawo cha Tete chili ndi mbiri yake pa nkhani yochepetsera odwala maulendo. Magulu a GAAC, omwe lero ali m'dziko lonse, anayambira kuno mu 2008, pamgwirizano wa bungwe la Médicos Sem Fronteiras ndi akuluakulu a zaumoyo a chigawo. Anthu osaposa asanu ndi mmodzi omwa ma ARV amagwirizana, mwezi uliwonse mmodzi amapita kuchipatala kukatengera onse, iye n'kuonedwa ndi a chipatala ulendo womwewo. Njirayi inayamba popanda pulogalamu ya pa foni iliyonse, ndipo maiko ena anadzaitengera. Ikhoza kuthandiza pa mankhwala a tensão. Pa varfarina imathandiza theka chabe, chifukwa mapiritsi amatumidwa koma chala cha munthu sichitumidwa. Ngati wodwala sangapite ku makina, makinawo ayenera kupita kwa iye, mwina pa galimoto kapena njinga yamoto ya brigada móvel yomwe imapita kale ndi katemera m'midzi.

A zaumoyo a m'midzi, ma APE, nawonso ali ndi gawo. M'zigawo zingapo, kuyambira ku Inhambane, akhala akugwiritsa ntchito pulogalamu ya upSCALE, yomwe MISAU inakonza pamodzi ndi Malaria Consortium ndi UNICEF, yowatsogolera poona mwana wa malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba. Kuwaonjezera ntchito yomva kagundidwe ka mtima n'kotheka. Koma phindu lalikulu la APE pa matenda amenewa lili kumayambiriro kwenikweni: kutumiza kuchipatala mwana wa zilonda zapakhosi, ndi kulondola wachinyamata yemwe waphonya jakisoni wa penisilini wa masabata atatu kapena anayi alionse, yemwe amaletsa febre reumática kubwereranso. Jakisoni ameneyu akabayidwa mokhulupirika kwa zaka, ambiri safika pa mtima wosokonekera n'komwe.

Za mauthenga okumbutsa a SMS, dziko lino lili ndi umboni wake. Kafukufuku wa SMSaúde, yemwe anachitika m'chigawo cha Maputo pa anthu omwa ma ARV ndipo anatuluka mu 2016, anapeza kuti mauthengawa anathandiza odwala a m'tauni kupitiriza chithandizo, koma kwa a kumudzi phindu silinaoneke. Sizodabwitsa. Wa kumudzi saphonya chipatala chifukwa choiwala tsiku, amaphonya chifukwa cha ndalama ya chapa ndi mtsinje wodzaza. Ndipo uthenga wolembedwa m'Chipwitikizi, wofika pa foni ya mwamuna wake ali ku msika wa mbatata, sumufikira mayi wa ku Macanga wolankhula Chichewa. Njira ya *660#, yomwe MISAU imaperekera uthenga wa zaumoyo kwaulere pa foni iliyonse, ili ndi ubwino wosafuna intaneti, koma imafunabe munthu wodziwa kuwerenga.

Zomwe zaka za 2024 ndi 2025 zinaonetsa

Ndondomeko yodalira intaneti ya m'manja ili ndi maziko ofooka, ndipo anthu a m'dziko muno aziona ndi maso. Mu Meyi 2024 mitengo ya mamega inakwera mwadzidzidzi bungwe loyang'anira za mafoni, INCM, litakhazikitsa mitengo yatsopano, mpaka ophunzira anachita zionetsero ndipo mitengoyo inaimitsidwa. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala chaka chomwecho, pa nthawi ya zipolowe za chisankho, intaneti ya m'manja inkadulidwa maola ena ndipo WhatsApp ndi Facebook zinkavuta kutsegula. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo ntchito zambiri za zaumoyo zomwe zinkadalira ndalama zimenezo zinagwedezeka. Kwa wodwala malungo, pulojekiti ikatha iye amakhala atachira kale. Wa varfarina, pulojekiti ikatha timapepala ta INR n'kusiya kubwera, amatsala ndi botolo la mapiritsi lomwe sangalisiye komanso sangalimwe motetezeka.

A m'malire ali ndi vuto lawolawo. Ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano amadutsa pa Calómuè kapena pa Biri-Biri kukalandira chithandizo ku Malawi, ndipo m'midzi ina foni imakoka netiweki ya Airtel kapena TNM kuposa ya kuno. Wodwala woyezedwa INR ku Dedza mwezi uno ndi ku Ulongué mwezi wamawa alibe kompyuta yomwe ingalumikize manambala ake. Kabuku ka pepala koyenda nako m'thumba, kolembedwa tsiku, INR ndi mlingo, kamawerengeka mbali zonse ziwiri za malire.

Njira yomwe ikuyandikira kwambiri zofunikazi ndi ya PEN-Plus, yomwe nduna za zaumoyo za maiko a mu Africa zinavomereza ku Lomé mu Ogasiti 2022. Cholinga chake ndi kutsitsa chisamaliro cha matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo mtima woonongeka ndi febre reumática, kuchoka ku zipatala za m'malikulu kupita ku zipatala za m'maboma, m'manja mwa anamwino ndi matekiniko ophunzitsidwa mwapadera. Ku Mozambique ntchitoyi inayambira ku Hospital Rural de Nhamatanda m'chigawo cha Sofala. Ku Malawi ikuchitika ku Neno, boma lochita malire ndi chigawo cha Tete. M'chipinda chotere foni imakhala ndi ntchito yodziwika, chifukwa pali kaundula wa odwala, munthu woimba wina akaphonya tsiku, makina ojambula mtima, ndi mankhwala pashelufu.

Zipatala za Ulongué ndi Songo ndi za msinkhu womwewo ndi cha Nhamatanda. Kuti wodwala wa mtima wosokonekera asamalidwe pamenepo pafunika varfarina wosatha, makina a INR ndi timapepala take ta chaka chonse, firiji kapena malo ozizira otisungira, tekiniko kapena namwino mmodzi wodziwa kusintha mlingo, ndi dokotala ku Tete yemwe nambala yake imayankhidwa. Pa mndandanda umenewu kachitsulo ka ECG ka masekondi 30 kamagulidwa kamodzi. Timapepala ta INR timafunika 12 kapena kuposerapo pa wodwala aliyense chaka chilichonse, ndipo ndalama zake ziyenera kuoneka mu bajeti ya chigawo wodwala woyamba asanapatsidwe piritsi loyamba.